Galimoto ya zinyalala ikasiya kubwera: zoyenera kuchita pakhomo kukhonsolo kukakhala sitalaka

Ogwira ntchito ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe akanyanyala ntchito, nkhani imayamba kudziwika ndi bini ya pageti. Tsiku lotolera zinyalala limafika n'kudutsa, galimoto osaoneka. Kumadera ngati Kawale, Mchesi, Chilinde ndi Area 25, komwe ambiri amadalira sikipi (chibini chachikulu chachitsulo) ya pamsika kapena pamphambano, mumangoona sikipiyo yadzaza thoo, zina zayamba kumwazikira mumsewu, agalu ndi makhwangwala akufukula. Sitalaka itha kutha mawa, ithanso kutenga masabata, chifukwa nkhani za malipiro ndi zovala zodzitetezera pantchito sizithera pamkumano umodzi. Konzekani ngati kuti galimoto sibwera mwezi wathunthu.

Chimene chimanunkha, kuitana ntchentche ndi kudwalitsa anthu ndi zinyalala zonyowa. Jumbo youma, botolo, katoni kapena chitini chotsukidwa zitha kukhala pakhomo miyezi itatu popanda wodandaula. Koma jumbo yomweyo mukaiponya pamodzi ndi mkute, matumbo a nsomba ndi makoko a nthochi, bini yonse imasanduka chowola. Ntchentche imodzi imaikira mazira pafupifupi 100 nthawi imodzi. Kukamatentha ngati mu Okutobala ndi Novembala, mazirawo amaswa pasanathe tsiku, ndipo pakadutsa masiku 7 mpaka 10 mphutsi zija zimakhala zasanduka ntchentche. Galimoto ikamabwera sabata ndi sabata imachotsa zinyalala mphutsi zisanauluke. Ikadumpha ulendo umodzi wokha, ntchentche zimaswanirana pakhomo panu pomwepo. Ntchito yonse ili m'munsimu ikuchokera pamenepa: zonyowa zisakumane ndi zouma, ndipo zonyowazo zisagone poyera.

Tsiku loyamba: siyani kugwiritsa ntchito bini imodzi

Pezani ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro chokwana bwino. Iyi ndi ya zowola za kukhitchini ndipo izikhala pafupi ndi pophikira. Pezaninso matumba awiri kapena atatu a makilogalamu 50, akale a chimanga aja, oikamo zouma. Chachitatu ndi chidebe china chovundikira cha matewera ndi mapadi, ndipo chomaliza ndi chigubu cholimba cha malita 5 choikamo zocheka ndi zobaya monga malezala, magalasi osweka ndi masingano.

Aliyense wa pakhomo auzidwe, makamaka ana ndi amene amatsuka mbale. Dongosololi limasokonekera pamadzi otsukira mbale: munthu amakhuthulira m'ndowa madzi pamodzi ndi zotsalira, ndowa n'kusanduka phala lonunkha. Muzisefa kaye ndi sefa yakale kapena kachidutswa ka thumba, madzi apite padera, zotsalirazo ndiye zilowe m'ndowa.

Chepetsaninso zobwera nazo. Popita kumsika tengani dengu kapena chikwama chanu. Majumbo opyapyala, osafika mamaikironi 60, boma lidawaletsa kuyambira mu 2015 ngakhale akupezekabe paliponse, ndipo ndi omwewo amene amatseka ngalande. Nsima muziphika yokwana anthu amene alipo.

Zowola zikwiriridwe tsiku lomwelo

Ngati muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba, kumbani dzenje la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi, kuya masentimita 60. Iyi si nkhuti yotayamo chilichonse ayi. Ndi dzenje la manyowa, ndipo pulasitiki, galasi kapena thewera zisalowemo.

Malo okumba muwasankhe mosamala. Dzenje litalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita 30, ndipo likhale chakumunsi kwake kuti madzi amvula asamachoke kudzenje kupita kuchitsime. Muwerengerenso chitsime cha aneba, osati chanu chokha. M'mapuloti ang'onoang'ono a ku Mtandire, Mgona kapena Chinsapo mamita 30 sangapezeke, ndipo kumalo a m'dambo dzenje limadzaza madzi mvula ikangoyamba. Zikatero musakumbe. Unjikani mulu pamwamba pa nthaka, pamalo okwera, mutchinge m'mbali ndi njerwa zosamatidwa kapena timitengo. Kachitidwe kake n'kamodzimodzi.

Pansi penipeni yalani timitengo, mapesi kapena zitsononkho, kukwera masentimita 10 mpaka 15. Izi zimalola mpweya kulowa ndi madzi kutsika. Kenaka madzulo alionse khuthulani ndowa ija, muyale zowolazo ndi khasu kuti zisakhale chimulu pamalo amodzi. Pamwamba pake thirani zouma zochuluka kawiri kuposa zowolazo: masamba osesa pabwalo, udzu wouma, utuchi wa kwa akalipentala, makoko a mtedza, makatoni ong'amba tizidutswa. Mukatero wazani phulusa lodzaza chikhatho kamodzi kapena kawiri, n'kumaliza ndi dothi la mafosholo awiri. Pasaoneke chakudya chilichonse pamtunda. Ntchentche imaikira pamene yafika, ndipo dothilo limaitsekera njira.

Phulusa ndi labwino koma ambiri amachulutsa. Likachuluka limafooketsa tizilombo towoletsa zinyalala, ndipo chonde china chimauluka ngati mpweya wonunkha mkodzo. Phulusa la pambaula la tsiku lonse musalikhuthulire mmenemo. Lina musunge m'chitini, lili ndi ntchito kutsogoloku.

Zikani ndodo pakati pa dzenjelo mpaka pansi. Pakatha sabata, izuleni m'mawa muigwire. Ikakhala yofunda ndi yonyowa pang'ono, zinthu zili bwino. Ikakhala yozizira ndi youma, nyerere zitadzaza, ndiye kuti muluwo wauma: wazani madzi theka la ndowa. Ikatuluka yoterera, ikununkha ngati dzira lowola, madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa. Tembenuzani ndi khasu, onjezerani zouma, muvundikire ndi lata lakale kapena pepala la pulasitiki lokhuthala kuti mvula isalowe. Muyeso wa chinyezi ndi wa m'manja: tapani pang'ono mufinye. Pazituluka dontho limodzi kapena awiri. Madzi akamachucha pakati pa zala, zanyowetsa, ndipo zikamangoyoyoka, zaumitsa.

Muzitembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu alionse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza dothi lakuda lonunkhira ngati la m'nkhalango, loyenera pabedi la mpiru kapena paphando la chimanga.

Za nyama ndi nsomba zili ndi njira yakeyake. Matumbo a nkhuku, nthenga, mamba ndi mitu ya nsomba, mafupa ndi msuzi wamafuta zikalowa mudzenje la manyowa, usiku womwewo makoswe ndi agalu amafukula. Zikumbireni kadzenje kapadera kakuya masentimita 50, thirani phulusa, kwirirani, pondani mwamphamvu, muikepo mwala kapena njerwa. Amene muli ndi firiji mutha kuzimanga mujumbo n'kuziumitsa mpaka tsiku lokwirira, bola magetsi asamazime nthawi yaitali.

Nanga a lendi opanda pokumba?

Pampanda wa nyumba 6 kapena 10 chinthu choyamba n'kukambirana ndi alandilodi kuti pakumbidwe dzenje limodzi la onse, ndipo pakhale munthu wodziwika wokwirira madzulo alionse, mosinthana. Dzenje la aliyense lopanda woliyang'anira limasanduka dzala pasanathe masiku atatu.

Malo akasoweratu, gwiritsani ntchito ndowa. Tenthetsani msomali pambaula, muboole mabowo 10 mpaka 15 pansi ndi m'mbali mwa ndowa yakale ya malita 20. Ikhazikeni panjerwa ziwiri pamthunzi, pansi pake muikepo kambale kolandira madzi otsika. Muziyala chimodzimodzi ndi dzenje lija: zouma pansi, zowola, zouma, kadothi, kenaka chivundikiro. Banja la anthu 5 litha kudzaza ndowa yotere pasanathe sabata, choncho mukhale nazo ziwiri kapena zitatu. Yodzaza muisiye iwole, imatsika yokha pafupifupi ndi theka.

Makoko a mbatata, chinangwa, nthochi ndi masamba a kabichi mutha kungowayanika. Ayaleni pathumba padzuwa masiku awiri. Akauma amapepuka, sanunkha, ndipo amasungika m'thumba ngati zouma zina. Njirayi imagwira bwino kuyambira Meyi mpaka Okutobala, koma nthawi ya dzinja ndi yovuta.

Ngati pafupi pali oweta nkhuku, akalulu kapena nkhumba, apatseni zotsalira tsiku lomwelo zisanasase. Oweta nkhumba aziwiritsa kaye zotsalirazo, ndipo zimene zakhudzana ndi nyama ya nkhumba asapatse ziweto zawo, chifukwa chigodola cha nkhumba chimafala kudzera m'njira imeneyi.

Matewera ndi mapadi

Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Pali maganizo akuti chimbudzi cha mwana sichidwalitsa. Chimadwalitsa ndithu, ndipo thewera limodzi lofukulidwa ndi galu n'kusiyidwa m'ngalande ndi loopsa kuposa thumba lonse la makoko.

Mukavula mwana thewera, palirani chimbudzicho m'chimbudzi pogwiritsa ntchito kamtengo kapena pepala. Pindani theweralo, mbali yakuda ikhale mkati, mumange ndi zomatira zake, muike mujumbo n'kumanga mfundo. Liponyeni m'chidebe chake chija, muwaze phulusa kapena laimu pamwamba, muvundikire. Chidebecho chikhale pamthunzi, pomwe ana ndi agalu sangafikepo. Sambani m'manja ndi sopo nthawi yomweyo. Mapadi muzichita nawo chimodzimodzi.

Musaponye matewera m'chimbudzi chokumba. Sawola, amafufuma, amadzazitsa dzenje msanga, ndipo opopa zimbudzi amalephera kukoka chifukwa amatseka mapaipi awo. M'chimbudzi chamadzi ndiye thewera limodzi lokha limatseka paipi ya nyumba yonse. Sitalaka ikapitirira masabata awiri, ganizirani zobwerera ku matewera a nsalu masana, ogulawo muzisungira usiku ndi paulendo. Chidebe chikadzaza galimoto isanabwere, kwirirani mudzenje lakelake lakuya mita imodzi, kutali ndi chitsime, podziwa kuti pamalopo simudzalimapo.

Zouma: tsukani, phwanyani, sungani

Chitini cha nsomba, paketi ya mkaka, botolo la mafuta ophikira, zonsezi zitsukuluzeni ndi madzi otsala pochapa, ziume, ndiye zilowe m'thumba. Popanda kutsuka, kamkaka kotsalira pansi kamaitana mphemvu ndi ntchentche ngati chakudya china chilichonse. Zitini muziponde ziphwatalale. Mabotolo apulasitiki amene simuwafuna muwaphwanye n'kubwezera chotsekera kuti asafufumenso. Makatoni muwaphwasule, muwamange mtolo. Majumbo muziwakanikizira m'jumbo imodzi kapena m'botolo lalikulu pogwiritsa ntchito kamtengo: a mwezi wathunthu amakwana m'mabotolo awiri a malita awiriawiri.

Zambiri mwa izi zili ndi ozifuna. Mabotolo abwinobwino amatengedwa ndi ogulitsa thobwa ndi mafuta oyeza, zitsulo ndi zitini zimagulidwa ndi anyamata oyenda m'makwalala aja, ndipo makatoni ndi utuchi ndi chakudya cha dzenje lanu la manyowa.

Matumba a zouma akhale pansi pa denga, pamwamba pa njerwa kapena opachikidwa, osagunda khoma kuti makoswe asapeze pobisala. Chilichonse chotha kusunga madzi, monga chitini, tayala, chigubu chodula kapena mphika wosweka, chikhale chozondoka. Udzudzu umangofuna madzi odikha a sabata imodzi kapena awiri kuti uswane.

Pali zina zosayenera kukwirira kapena kuwotcha: mabatire a tochi ndi a foni, mababu, mankhwala otha ntchito, mabotolo a mankhwala a mbewu ndi ophera tizilombo. Mabatire muwasunge m'chitini chouma chovundikira. Batire ya galimoto kapena ya sola musaiphwanye, muli asidi ndi mtovu, ndipo ili ndi ogula. Mankhwala otha ntchito ndi chigubu cha masingano, monga a odwala shuga, mukafunse kuchipatala chapafupi kapena kufamase momwe angakulandirireni. Chigubu cha zobaya chikafika pa magawo atatu a magawo anayi, tsekani, mulembepo.

Moto ndi ngalande

Zinyalala zikachuluka, maganizo oyamba amakhala oyatsa moto. Mapepala ouma ochepa mutha kuyatsira mbaula. Koma mulu wosakanikirana suyaka bwino, umangofuka tsiku lonse chifukwa cha zonyowa, ndipo pulasitiki yopsa pamoto wozizira chotero imatulutsa utsi wapoizoni umene umapweteka kwambiri ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu. Utsiwo suthera pampanda panu, umalowa m'mazenera a aneba. Zitini za mankhwala opopera udzudzu ndi za perefyumu zimaphulika pamoto, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, mphepo ikuwomba, moto wa padzala suchedwa kugwira mpanda waudzu. Ngakhale chizolowezi chokolezera makala ndi jumbo n'chofunika kuchisiya.

Kutaya m'ngalande usiku, kapena kudikira mvula kuti ikokolole, ndiye koipa koposa. Zimene zatayidwa kumtunda zimakatsakamira pakalavati woyamba, madzi n'kubwerera m'nyumba za anthu akumunsi, kusefukira m'zimbudzi zokumba, kenaka m'zitsime. Zopulumuka pamenepo zimakathera mumitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe, momwe anthu amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba zimene timagula pamsika. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre adachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kolera imayenda m'madzi ndi m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu, ndipo ngalande yotsekeka ndi matewera ndi njira yake yachidule.

Sikipi ikadzaza musapitirize kuunjika pambali pake, ngakhale ena akutero. Musatumenso ana kukataya, chifukwa mwana akapeza sikipi yodzaza amasiya jumbo pamalo alionse amene palibe womuona.

Bini ikakhala kuti yagwa kale mphutsi

Valani magolovesi, kapena majumbo awiriawiri m'manja, ndi nsapato zotseka. Wiritsani madzi ketulo iwiri muthire mubinimo, mphutsi zimafa nthawi yomweyo. Tsanulirani madziwo m'kadzenje, osati m'ngalande. Zosakanikiranazo musavutike n'kuzisankha zonse: chotsani mabotolo ndi zitini zooneka, zotsalazo muike m'thumba lolimba, muthire phulusa lambiri, mumange pakamwa, muike pamthunzi. Zimenezi ndizo zidzayambe kutuluka galimoto ikadzabwera.

Biniyo muitsuke ndi sopo kaye, chifukwa klorini sagwira bwino ntchito pamalo a litsiro. Kenaka sungunulani Jik wamba wa 3.5 peresenti, kapu imodzi m'makapu 16 a madzi, mutsukuluze mkati ndi chivundikiro chomwe, mudikire mphindi 10. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, mpweya wake umabanikitsa. Yanikani biniyo padzuwa chozondoka, ndipo ikauma muwaze phulusa pansi pake.

Kulemba aganyu ndi kugwirizana m'dera

Sitalaka ikangoyamba, anyamata a mawilibala ndi njinga amayendayenda kufunsa zinyalala zokataya. Funso n'lakuti akukataya kuti. Wilibala singafike ku mtaya wa khonsolo ku Area 38 kuchokera ku Area 18 kapena Area 49, ndiye mukalipira osafunsa, thumba lanu likathera pansi pa mlatho wapafupi. Alipo makampani ndi magulu otolera zinyalala omwe si a khonsolo. Afunseni komwe amakataya, ndipo mufunsenso aneba amene adawagwiritsapo ntchito.

Chotsika mtengo n'kusonkherana. Nyumba 15 kapena 20 za mumzere umodzi zitha kuchita hayala lole imodzi. Musanapereke ndalama, tsimikizani kuti ku mtaya akulandira, chifukwa ogwira ntchito kumeneko nawonso ndi a khonsolo. Mmodzi wa inu akwere nawo, ndipo theka la ndalama liperekedwe pobwera. Lole ikhale ndi tenti kapena ukonde wovundikira kuti zisamagwe m'njira. Ngati nyumba iliyonse yakwirira zowola zake, zokweza zimangokhala matewera ndi zouma zopanda ogula, choncho ulendo umodzi umakwanira nyumba zambiri.

Nkhaniyi muifikitse kwa amfumu a m'dera, akhansala ndi alangizi a zaumoyo. Alangiziwa ndi a unduna wa zaumoyo, ndipo ndiwo angathandize ndi klorini wa m'madzi akumwa komanso kuona malo amene afika poopsa, monga sikipi yoyandikana ndi ogulitsa zakudya kapena kiyosiki ya madzi. Mvula isanagwe, sankhani Loweruka limodzi loti mugwebe ngalande ndi makalavati a mumsewu wanu. Zimene mwavuula musazisiye m'mphepete, mvula yoyamba idzazibwezera momwemo.

Nthawi yonseyi chakudya chizikhala chovundikira, chizidyedwa chotentha, ndipo madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi kangapo motsatizana, makamaka ngati chimbudzi chake chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo muzimumwetsa muli m'njira yopita kuchipatala. Paketi ikasowa, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Musadikire kuti kuche.

Sitalaka ikatha

Galimoto sizifika paliponse tsiku loyamba. Kumisika ndi m'misewu ikuluikulu kumakhala milu ya masabata onse aja, ndiye kumakomo kutha kutenga masiku ena angapo. Pitirizani dongosolo lanu mpaka mutaiona galimoto ndi maso. Ikafika, yambani kutulutsa matewera ndi thumba la zosakanikirana lija, zouma zitha kudikira ulendo wotsatira. Thumba lililonse likhale lomanga pakamwa ndi losapitirira makilogalamu 20 kuti munthu mmodzi alinyamule osathyoka msana, ndipo chigubu cha magalasi ndi malezala muwapatsire otolera zinyalala m'manja n'kuwauza zimene zili mkatimo, popeza ambiri mwa otolerawa amagwira ntchito ndi magolovesi ong'ambika kapena opanda n'komwe.

Dzenje la manyowa likatsala masentimita 15 kuti lidzaze, likwirireni ndi dothi, muzike kamtengo kolemba mwezi umene mwatseka, n'kukumba lina pambali pake.